Amalume akuti uloya ndi wa anthu a pakamwa, ine ndine wofatsa

Funso lochokera kwa mtsikana wa ku Area 23, Lilongwe:

"Amayi, ndili ndi zaka 19. Ndinalemba MSCE chaka chatha ndipo ndinakhoza bwino, makamaka Chingerezi ndi History. Panopa ndimathandiza mayi anga kugulitsa pa msika, ndipo kabuku ka ndalama ndi ngongole ndimasunga ndine. Bambo anamwalira ndili Fomu 2, abale awo n'kubwera kudzatenga katundu wambiri m'nyumba. Kuyambira pamenepo mtima wanga uli pa zamalamulo. Koma amalume akuti uloya ndi wa anthu a pakamwa, pomwe ine ndine wofatsa, ngakhale kalabu ya mtsutso kusukulu sindinalowepo. Akuti ndingopita ku uphunzitsi kapena unamwino. Kodi munthu amafunika akhale wotani kuti akakwanitse sukulu ya zamalamulo? Nanga ndingayambe kuchita chiyani panopa?"

Yankho:

Mwana wanga, amalume ako sakunama dala. Akunena zimene anthu ambiri amaona: loya wa m'mafilimu, wayimirira, chala chili m'mwamba, mboni ikutuluka thukuta. Ine ndagwira ntchitoyi zaka zoposa 20 muno mu Lilongwe, ndipo nditati ndiwerenge masiku amene ndinayankhula m'khoti, ndi ochepa kwambiri kuyerekeza ndi amene ndakhala duu pa desiki, mapepala ali mbwee, ndikusakasaka chiganizo chimodzi. Maloya ena aluso amene ndimawadziwa ndi anthu oti pa ukwati sungazindikire n'komwe kuti abwera. Ndinaonanso anyamata amene ankagwedeza holo yonse pa mtsutso ku sekondale akupunthwa chaka choyamba, chifukwa ankayesa kuti mayeso a zamalamulo amalembedwa ndi lilime.

Tenga mlandu umene dziko lonse linaumva. Iwe unali wamng'ono, koma uyenera kuti ukukumbukira mawailesi akulira m'magolosale ndi m'maminibasi. Mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 unazengedwa muno mu Lilongwe kwa miyezi ingapo, womasulira akutembenuzira zonse m'Chichewa. Madzulo anthu ankakambirana za loya amene wapanikiza mboni mpaka yasowa chonena. Koma chimene chinagwetsa chisankho chija si mawu okoma ayi. Anali mapepala: mafomu a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi, ena a dupuliketi, ena osasayinidwa. Panafunika anthu okhala pansi usiku ndi usiku, kutenga pepala ili n'kuliyerekeza ndi ilo, malo oponyera voti amodzi amodzi. Amenewo mawu awo sanamveke pa wailesi. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Michael Tembo, anapereka chigamulo cha masamba pafupifupi 500, ndipo kuwerenga kwake kunayamba m'mawa mpaka kunja kunada. Mbali ina ya chigamulocho inagona pa liwu limodzi lokha la m'malamulo aakulu a dziko, lakuti majority. Kodi wopambana ndi amene waposa anzake onse, kapena amene waposa theka la mavoti onse? Khoti linati ndi woposa theka, ndipo Supreme Court inavomereza pa 8 Meyi chaka chomwecho. 50+1 imene aliyense amaitchula lero inachokera pamenepo.

Ndiye chinthu choyamba chimene ndingakufunse n'chakuti: kodi umatha kuwerenga chinthu chosakoma katatu osatopa? Nkhani yokoma aliyense amawerenga. Ku sukulu ya zamalamulo adzakupatsa zigamulo zakalekale, zambiri za ku England, chifukwa malamulo a kumeneko analowa muno mu 1902 nthawi ya atsamunda ndipo mizu yake ikadalipo. Chimodzi chimene sudzachizemba ndi cha Donoghue v Stevenson cha mu 1932. Mayi wina ku Scotland anamwa chakumwa cha m'botolo losaonekera mkati, n'kudzazindikira pambuyo pake kuti munali nkhono yowola. Vuto linali lakuti chakumwacho anagula ndi mnzake, kotero iye analibe mgwirizano uliwonse ndi wogulitsa ngakhalenso wopanga. Angasumire ndani? Khoti lalikulu la ku Britain linati wopanga chinthu ali ndi udindo wosamala munthu amene adzachigwiritse ntchito, ngakhale sanaonanepo. Chigamulo chimenechi ndi chachitali, majaji sanagwirizane onse, ndipo ntchito yako idzakhala kufukula m'masamba onsewo mfundo imodzi imene mlanduwo unayimapo, n'kusiya zina zonse zimene jaji anangonena podutsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife a zamalamulo timayambira pa nkhono yeniyeni.

Tsopano kabuku kako ka ngongole. Wakatchula mongodutsa, ngati kanthu kopanda pake, koma m'kalata yako yonse ndi kamene kanandigwira mtima. Munthu wosunga kabuku kotere amadziwa kale zimene ena amakaphunzira chaka chachitatu pa phunziro la umboni. Amadziwa kuti kasitomala akati "ndinabweza kale," mawuwo paokha si kanthu. Anabweza liti? Zingati? Anapatsa ndani, iwe kapena amayi? Panali ndani? Zinalembedwa? Amadziwanso kuti zimene zinachitika, zimene wamva kuti zinachitika, ndi zimene ungathe kusonyeza kuti zinachitika, ndi zinthu zitatu zosiyana. Anthu ambiri amafika kwa loya atazisakaniza zonse mu mphika umodzi, ndipo amakwiya ukawauza kuti khoti silidya za "aliyense m'mudzi akudziwa." Ndinayimirapo mayi wina wogulitsa ufa ndi nyemba amene ankaperekera katundu pa ngongole kwa munthu wophikitsa zakudya. Munthuyo anakana ngongole yonse, ali ndi loya wovala bwino kuposa ine. Mayiyo sukulu analekera Sitandade 6, koma anali ndi makope atatu akuda ndi mafuta, mmene analemba tsiku lililonse, mulingo, mtengo, ndipo pambali pake wotenga katunduyo ankasayina. Ine pa mlandu umenewo sindinayankhule zambiri. Makope aja ndi amene anayankhula.

Choncho pitiriza kusunga kabukuko, koma uyambe kukasunga ngati kadzawerengedwa ndi munthu wosakudziwa komanso wosakukhulupirira. Usafufute. Ukalakwitsa, dula mzere umodzi kuti cholakwikacho chizioneka, ulembe cholondola pambali. Za tipeksi taziona kale.

Chachiwiri chimene kufatsa kwako kungakupatse ndi khutu. Munthu wa kwathu kuno akabwera ndi nkhani ya munda sayambira pa mkangano wa mwezi watha. Amayambira pa agogo ake aakazi, mmene anasamukira kuchokera kwakuti, amene anakwatira chikamwini ndi amene anatengedwa chitengwa. Loya wopupuluma amamudula: "Bambo, fikani pa mfundo." Ine ndinachitapo zimenezo ndili wamng'ono pa ntchito. Bambo wina wachikulire ndinamudula kawiri konse, iye mwaulemu n'kungokhala chete. Tili m'khoti, loya wa mbali inayo anatulutsa nkhani ya msonkhano umene unachitika pamaso pa anyakwawa zaka zambiri m'mbuyomo, pomwe malire anagwirizanidwa. Ndinatembenuka kuyang'ana kasitomala wanga, iye n'kundinong'oneza kuti, "Ndi zija ndinkafuna kukuuzani zija." Manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale. Mfundo imene ukuifuna nthawi zambiri imakhala yabisala m'katikati mwa nkhani imene ukuiona ngati yozungulira.

Khutu limenelo liyeneranso kumva zinenero ziwiri nthawi imodzi. Zolembedwa za khoti zimakhala m'Chingerezi, pomwe anthu ambiri amapereka umboni m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, womasulira ali pakati. Pakati pamenepo ndi pomwe milandu ina imathera. Mboni ikati "mchimwene wanga," ikunena wobadwa naye bere limodzi, kapena mwana wa bambo aang'ono? Pa mudzi kusiyanako kulibe ntchito, koma pa mlandu wa chuma cha masiye ndi nkhani yaikulu. Wina akati "ndinamupatsa munda," akutanthauza kuti anamupatsiratu, kapena anangomuloleza kuti alimepo chaka chimenecho? Liwu lakuti kubwereka lokha limayenda mbali ziwiri, wopereka wabwereka, wolandiranso wabwereka, pomwe Chingerezi chili ndi mawu awiri osiyana. Womasulira akasankha lolakwika, mwini ndalama amasanduka wangongole m'buku la khoti, ndipo buku limenelo ndi limene majaji a apilo adzawerenge, munthuyo osamuona n'komwe. Loya amene Chichewa chake n'chakuya amaimirira pomwepo n'kukonza. Ngati unaperekezapo agogo ku chipatala n'kumawamasulira zimene adokotala akunena, kapena unawerengerapo anthu a pa msika kalata yochokera ku khonsolo, ntchito imeneyi unayamba kale. Ana ena amene anakulira m'nyumba zoyankhula Chingerezi chokhachokha amavutika pamenepa, ngakhale sakonda kuvomera.

Koma ndisakunamize: Chingerezi cholemba chimafunika, ndipo chimafunika kwambiri. Kukhoza bwino pa MSCE ndi poyambira chabe. Chimene aphunzitsi ako adzafune si mawu akuluakulu ogometsa anthu. Adzafuna chiganizo chimene munthu sangachimve mwa njira ziwiri. Ophunzira ambiri amabisala kuseri kwa mawu aatali pamene mfundo sanaimvetse, ndipo wochonga amazindikira msanga. Dziyese chonchi: tenga nkhani ya m'nyuzipepala, uilembe m'mizere isanu osataya mfundo, kenako uifotokozere amayi ako m'Chichewa. Akakufunsa funso limene sungayankhe, ndiye kuti sunaimve, bwererakonso.

Ndifike pa za bambo ako. Pepa kwambiri, mwana wanga. Zimene zinakuchitikirani lamulo limaziletsa. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana, limati katundu wa m'nyumba akhale ndi wamasiyeyo, ndipo kulanda chuma cha masiye linakuika kukhala mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Ambiri amene amalowa uloya amabwera ndi bala lotere. Si chinthu choipa. Amene anaonapo mipando ikukwezedwa pa lole maliro asanathe n'komwe sadzafunsa kuti malamulo ndi a chiyani, ndipo usiku umene anzake adzatope ndi kuwerenga, iye adzakhala ndi chomudzutsa.

Komabe pali pamene ndikufuna ukhale tcheru. Tsiku lina m'kalasi, pa khoti loyeserera, mphunzitsi adzakupatsa mlandu wofanana ndendende ndi wa kwanu, n'kukuuza kuti iwe uyimire abale a mwamuna. Udzayenera kufufuza mfundo zawo zonse mokhulupirika: kuti mwina nyumbayo inamangidwa pa malo a makolo, kuti mwina malemuyo ankasamalanso mayi ake okalamba amene lamulo lomwelo limawawerengera ngati odalira iye. Ukadzakana mumtima, n'kuzichita mwaulesi kuti mbali imene ukuikonda ipambane, ndiye kuti sunayambe kuganiza ngati loya. Ndipo phindu lake ndi lako lomwe: amene sanayendepo m'mutu mwa mdani wake amakadzidzimuka m'khoti, monga ndinachitira ine ndi nkhani ya anyakwawa ija. Mkwiyo uli ngati moto wa pa mafuwa, umapsetsa nsima, koma ukausiya wokha umakwera ku denga.

Zimapitirira pamenepo. Udzayimira anthu amene mtima wako sukuwafuna, ena oganiziridwa milandu yonyansa. Abale adzakufunsa pa maliro kuti, "Inu mumayimira bwanji mbava?" Yankho lili m'mbiri yathu yomwe. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera Chirwa, amene anali mayi woyamba wa dziko lino kukhala loya, anagwidwa mu Disembala 1981. Anazengedwa mlandu woukira boma m'makhoti aja ankatchedwa Traditional Courts, amene sanali mabwalo a mafumu a kumudzi monga tikuwadziwira lero, koma makhoti amene boma la nthawiyo linawapatsa mphamvu zozenga milandu ikuluikulu, ndipo maloya sankaloledwa kuyimira munthu kumeneko. Mu 1983 anawagamula kuti aphedwe, chilangocho n'kudzasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. A Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, a Vera anatuluka mu Januwale 1993. Amene analemba malamulo aakulu a dziko a mu 1994 ankakumbukira zimenezi pamene ankalemba gawo 42, limene limapatsa munthu aliyense womangidwa ufulu wokhala ndi loya, wokhala chete, ndi wotengedwa ku khoti pasanathe maola 48. Akuti aliyense, osati wosalakwa yekha, chifukwa wosalakwayo timamudziwa mlandu ukatha. Ngakhale wopezeka wolakwa ali ndi nkhani yoti imvedwe: pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007, High Court inagamula kuti si zololedwa kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wopha munthu azingopatsidwa chilango cha imfa jaji asanamve mmene zinakhalira. Pambuyo pake akaidi ambiri milandu yawo inaunikidwanso, ena n'kutuluka.

Poti ndiwe mwana wa pa msika, uwerengenso mlandu wa Gwanda. A Mayeso Gwanda anali wogulitsa majumbo ku Blantyre. Mu 2015 apolisi anawagwira m'bandakucha akupita ku malonda awo, pa mlandu uja anthu amati vakabu. Sanangovomera kulipira kuti zithe. Nkhani inafika ku High Court, ndipo mu Januwale 2017 khoti linati gawo 184(1)(c) la Penal Code, buku la malamulo a milandu ya upandu, gawo limene apolisi ankagwiritsa ntchito, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuti loya amvetse mlandu wotere ayenera kudziwa chifukwa chimene munthu wosaba amayendera mumsewu 4 koloko m'mawa. Iwe ukudziwa, chifukwa amayi ako amadzuka nthawi yomweyo kukapikula katundu. Chidziwitso chimenecho m'mabuku mulibe.

Za kukhulupirika ndinena mwachidule, poti palibe chozungulira. Loya amasunga ndalama za anthu: chipukuta misozi cha wovulala pa ngozi, ndalama zogulira nyumba, chuma cha ana amasiye. Amene amagwa pa ntchitoyi ambiri sagwa chifukwa chosadziwa malamulo, amagwa chifukwa "anangobwerekako pang'ono" ku akaunti ya kasitomala. Madandaulo otere amafika ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndipo munthu amatha kuletsedwa kugwira ntchito. Loya saloledwanso kunamiza khoti, moti ukapeza chigamulo chakale chotsutsana ndi mbali yako, ndi udindo wako kuuza jaji kuti chilipo. Maloya m'dziko muno ndife ochepa, timadziwana, ndipo majaji amadziwa amene mawu ake ndi odalirika. Dzifunse wekha zimene umachita ndi ndalama za m'kachikwama amayi akapita kukapikula. Yankho lake ndi lomwelo udzakhale nalo uli ndi ofesi.

Pamodzi pokha amalume ako akhudza choona. Kufatsa ndi mantha ndi zinthu ziwiri, ndipo uyenera kudziwa kuti chako ndi chiti. Wofatsa amakhala chete chifukwa akumvetsera, nthawi yake ikakwana amanena. Wamantha amakhala chete ngakhale nthawi itakwana. Pa ntchito ino idzafika mphindi yoti uimirire pamaso pa jaji wokwiya n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, pamenepo lamulo silikutero." Idzafika yoti uuze munthu wa msinkhu wa bambo ako, amene wakulipira, kuti mlandu wake ndi wofooka, ndi bwino akambirane. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo kwa mtsikana mwambowo umalemera kawiri. Kulimba mtima kotere kumaphunzirika, koma osati m'mutu mokha. Vomera kuwerenga mawu ku tchalitchi. Ngati amayi ali mu banki mkhonde, pempha kuti uzikhala mlembi: gululo lili ndi malamulo ake olembedwa, zindapusa zake, ndi mikangano yake, ndipo tsiku limene udzauze mayi wamkulu kuti malinga ndi zimene gulu linagwirizana ayenera kulipira chindapusa, mawu akunjenjemera koma osabwerera m'mbuyo, udzakhala utaphunzira zambiri kuposa za kalabu ya mtsutso. Ine mawondo ankagundana chaka chonse choyamba m'khoti. Chimene chinandichiritsa n'kukonzekera: ukadziwa fayilo yako kuposa wina aliyense m'chipindamo, mawu amabwera okha.

Uphunzitsi ndi unamwino ndi ntchito zolemekezeka, ndipo ndikudziwa maloya abwino amene anayamba agwira choko. Koma ngati amalume akuzitchula chifukwa choti ndiwe mtsikana, uwakumbutse kuti mu 2013 a Anastasia Msosa anakhala mayi woyamba kukhala mkulu wa majaji onse m'dziko muno, ndipo pa majaji asanu a mlandu wa chisankho aja panali mayi.

Njira yake ili chonchi. Sukulu yakale ya zamalamulo ili ku Zomba, ku Chancellor College, imene kuyambira 2021 ndiyo ikutchedwa University of Malawi. Kwa zaka zambiri mwambo wa kumeneko wakhala wakuti munthu salowa zamalamulo akungochokera ku Fomu 4. Amayamba walowa maphunziro ena a digiri, akhoze bwino, kenako apikisane pa mayeso olowera, ndipo digiri ya zamalamuloyo imatenga zaka zinayi. Ena amalowa atamaliza kale digiri ina. Catholic University ku Nguludi nayonso imaphunzitsa zamalamulo. Zofunikira polowa amazilengeza chaka ndi chaka, choncho uziwerenga wekha chidziwitso cha chaka chimene ukufunsira malo, osadalira za m'magulu a WhatsApp. Sukulu iliyonse imene ungaganizire, yamba wafufuza ngati maphunziro ake a zamalamulo ndi ovomerezeka ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndi ku bungwe loyang'anira maphunziro a zamalamulo, chifukwa n'zowawa kulipira fizi zaka zinayi n'kudzamva kuti pepalalo silikufikitsa ku khoti. Digiri payokha sikupanga munthu kukhala loya woyimira anthu. Pali Malawi Institute of Legal Education imene imaphunzitsa ntchito yeniyeniyo, ndipo pamapeto munthu amakalandiridwa pamaso pa mkulu wa majaji. Za fizi, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite lilipo. Tanthauzo la zonsezi kwa iwe n'lakuti maphunziro alionse amene ungayambe nawo, usawatenge ngati pongodikirira basi. Magiredi ake ndi amene adzakutsegulire chitseko, ndipo History imene umaikondayo imaphunzitsa zomwezo: kufunsa kuti wanena ndani, liti, ndipo anali ndi chifukwa chanji chonenera choncho.

Uli ndi mwayi woti ukukhala mu Lilongwe. Makhoti ndi otsegukira aliyense, kupatula milandu ya ana ndi ina imene khoti lalamula kuti imvedwe mseri. Tsiku limene msika uli wozizira, kwera minibasi upite ku makhoti a ku Area 3. Uvale bwino, uzimitse foni, ulowe m'khoti la majisitireti, ukhale kumbuyo. Ukaona zinthu zimene mafilimu sasonyeza. Ukaona anthu a rimandi ochokera ku ndende ya Maula atakhala pa benchi kudikira. Ukaona kuti ambiri alibe loya, akufunsa okha mboni mafunso, ena osadziwa n'komwe kuti belo ndi ufulu wawo wopempha. Ukaona mlandu ukuyitanidwa n'kuimitsidwa m'mphindi ziwiri chifukwa mboni sinabwere kapena fayilo sikuoneka, mayi amene wawononga ndalama ya thiransipoti kuchokera ku Mitundu akuuzidwa kuti adzabwerenso mwezi wa mawa. Anthu amati mlandu suola, koma amene akuudikira amatopa. Ukatuluka kumeneko uli wonyansidwa moti sukufunanso kubwerera, waphunzira kanthu kofunika usanawononge zaka. Ukatuluka uli ndi mafunso, bwereranso.

Pobwera uko, lemba tsamba limodzi: ndani akusumira ndani, agwirizana pa ziti, akutsutsana pa ziti, ndipo majisitireti ayenera kuyankha funso lanji. Poyamba udzalemba nkhani yonse ngati ukusimbira mnzako. Pofika ulendo wachisanu udzayamba kuona kuti mlandu wa maola atatu umagona pa funso limodzi kapena awiri. Luso limenelo ndi limene amayesa pa mayeso a zamalamulo kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza.

Zowerenga sizisowa. Pa intaneti pali MalawiLII pomwe zigamulo za makhoti athu ndi malamulo zimapezeka mwaulere, bandulo yaing'ono ikukwana. Yamba ndi mutu 4 wa malamulo aakulu a dziko, wa maufulu a anthu, kenako chigamulo cha Gwanda, poti nkhani yake ukuidziwa kale ndi maso. Usadandaule ukamva theka lokha. Laibulale ya National Library ku City Centre ili ndi malo okhala phee ngati kunyumba kuli phokoso. Ukapita kumudzi pa tchuthi, kakhale nawo pa bwalo la mfumu, uone mmene ankhoswe amayalira nkhani ndi mmene amfumu amalolera aliyense kutsiriza asanafunse. Milandu yambiri ya anthu athu imathera kumeneko, osafika ku Area 3, ndipo loya wonyoza bwalo limenelo amathandiza anthu ochepa. Mabungwe monga Legal Aid Bureau ndi PASI, amene anthu ake amayendera m'ndende ndi m'mapolisi kuthandiza omangidwa kumvetsa milandu yawo, ndi abwino kuwadziwa, ndipo mpata wothandizako mongodzipereka ukapezeka usaukane.

Amalume usakangane nawo. Ndi eni mbumba, ndipo pa nkhani ya fizi udzawafuna. Uwapemphe kuti tsiku lina akuperekeze ku khoti, ngati kuti ukuopa kupita wekha. Akakhale pa benchi m'mawa wonse, awerenge okha mphindi zimene loya wayankhula ndi zimene wakhala akumvetsera ndi kulemba. Pobwerera, mu minibasi, uwafunse kuti iwo akanagamula bwanji, ndipo uwalole atsirize.